Tchaja ya pa Khoma la Malemu

Golomoti
12 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene a Clifford,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Lilongwe. Ife kuno tilipo, kungoti amayi akudandaula msana.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni mumati netiweki ikudula ndipo simunamve. Pepala silidula. Ndapatsira mayi Mwanjuma, aja amabwera ndi nsomba zouma ku msika wa kwanuko Lachiwiri lililonse. Yankho muziwapatsa omwewo.

Nkhani ndi iyi. Dzulo kunabwera bambo aang'ono a Mathias kuchokera ku Mtakataka, kwawo kwa malemu bambo athu. Akuti popeza anthu amaliza kukolola, nthawi yakwana yoti amayi asudzulidwe. Tagwirizana Loweruka pa 14 Sepitembala. M'mawa kudzakhala Misa, kenako abale a bambo adzagawa katundu wa malemu, adzameta amayi ndi kuwavula zakuda.

Mwina za kuno zinayamba kukutalikirani, ndiye ndikukumbutseni. Chimwalirire bambo pa 9 Malichi, amayi avala diresi lakuda limodzi lomwelo ndi mpango wake. Sapita ku msika kukagulitsa, sayimba nawo kwaya, ndipo sathira mchere m'ndiwo ndi dzanja lawo. Ndimachita kuchoka kunyumba kwanga kudzawathirira, ndipo ndikachedwa amadya zosakolera. Benchi lawo la pa msewu, pamene ankagulitsira tomato ndi mango, pakukhala munthu wina. Zonsezi zidzatha tsiku limenelo.

A Mathias anena kuti inu, monga mwana woyamba, mukhalepo. Mbuzi ilipo, ufa ulipo, nkhuni ndatola. Sitikupempha kanthu kena koma inuyo.

Ndine mlongo wanu,
Felesita


Lilongwe
20 Ogasiti 2024

Chemwali Felesita,

Kalata yako ndailandira, ndipo ofesi yonse yanunkha usipa. Tonse tili bwino. Uwapatse moni amayi.

Ndili ndi nkhani yabwino. Ndagula galimoto yoyendera magetsi. Simwa petulo ngakhale dontho, ndipo ikamayenda sumva phokoso. Anzanga akugona pa mizere ya mafuta, ine ndikungowadutsa ndikuwabayibitsa. Ndikufuna kudzabwera nayo pa mwambo wa amayi, kuti anthu a ku Mtakataka aone kuti bambo athu a Gervazio anasiya mwana.

Vuto ndi limodzi. Galimotoyi inayendapo kale kunja, ndiye batire yake sipirira mtunda wautali. Kutsetsereka ku Khwekhwerere itsetsereka, koma kukweranso phiri lija siingathe popanda kuitchaja kaye. Choncho ndagula tchaja ina yoti ikhale kwathuko, ili m'bokosi limene mayi Mwanjuma anyamula. Ikhomedwe pa khoma la nyumba ya bambo, mbali imene kuli mita. Upeze Ganizani, uja anakoka mawaya a m'nyumbamo. Umuuze kuti iyi si tchaja ya foni, asakangoibaya pa soketi. Imafuna waya wakewake wonenepa wochokera pa mita, buleka yake yodula moto ukachuluka, ndi chitsulo cholowa pansi choteteza kuti munthu asagwidwe ndi moto.

Ntchito imeneyi singathe pofika pa 14 Sepitembala. Ndayimbira a Mathias kuti tsiku lisunthe, likhale 12 Okutobala, ndipo avomera. Mwezi umodzi si kanthu. Amayi adikira kale miyezi isanu, umodzi wokhawu ungawavute?

Ndine,
Clifford


Golomoti
2 Sepitembala 2024

Okondedwa achimwene,

Moni kwa nonse. Bokosi lafika. Mayi Mwanjuma akuti ulendo wina muziwauziratu kulemera kwa katundu, chifukwa kondakitala analilipiritsa mpando ngati munthu.

Ndinawawerengera amayi kalata yanu. Pa mawu akuti tsiku lasuntha anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza. Anapitiriza kutonola chimanga. Kenako anafunsa kuti, "Kodi galimotoyo nayonso ndi mbale wake wa malemu, kuti mwambo uziyidikira?"

Ganizani anabwera Loweruka. Anatsegula bokosi, anawerenga kabuku kake nthawi yaitali, n'kuzungulira nyumba.

"Achemwali, chinthu ichi chimadya moto kuposa nyumba yonseyi," anatero. "Mawaya amene ndinaika muno ndi a mababu ndi wailesi. Nditati ndilumikize pamenepo, denga lingapse amayi ali m'kati."

"Ndiye titani?" ndinafunsa.

"Waya wina, buleka ina, chitsulo cha mkuwa. Zonsezi pano palibe, n'zokagula ku Salima. Komanso khoma ili limawombedwa ndi dzuwa kuyambira masana mpaka kulowa. Pafunika kashedi, apo ayi chidzasungunuka ngati phula."

Zonse pamodzi ndi ntchito yake wati K385,000. Kuseri kwa pepalali ndalemba chinthu chilichonse ndi mtengo wake, ndipo ndawonkhetsa kawiri.

Achimwene, ine sukulu ndinalekeza Sitandade 7, za magalimoto sindizidziwa. Koma minibasi zochokera kwanuko zimafika pano tsiku lililonse, ndipo zimakweranso phiri popanda kuzikhomera kanthu pa khoma. Bwanji mubwere pa 14 pomwe paja, galimoto idzabwere pa Khirisimasi? Dzuwa layamba kale kuwawa. Inu munakulira kuno, mukudziwa mmene Okutobala amakhalira ngakhale kwa munthu wovala malaya oyera.

Ndine mlongo wanu,
Felesita


Lilongwe
17 Sepitembala 2024

Felesita,

Za minibasi usandiuzenso. Pa maliro a bambo ndinabwera pa minibasi, ndipo ndinamva ndi makutu anga mwana wa a Mathias akuuza anzake kuti, "Wa ku tauni uja wafika atapanikizana ndi nkhuku." Anaseka onse, bokosi la bambo lili pomwepo. Iwe sunamve, unali kophika. Zimenezi sizidzandichitikiranso.

Ndalama ya Ganizani ndatumiza theka pa foni, yotsalayo mwezi ukatha.

Za shedi usavutike. M'chipinda cha bambo muli matumba a simenti aja tinagulira chiliza. Simenti ikakhalitsa imauma yokha n'kuwonongeka. Ganizani apeze mmisiri, awake pansi poimapo galimoto ndi mizati yake. Ya chiliza ndidzagula ina chaka chamawa. Ndipo kuti zisaoneke ngati tawalanda bambo, pa khoma pamwamba pa tchajayo palembedwe ndi penti zilembo zazikulu kuti: CHIKUMBUTSO CHA BAMBO GERVAZIO KAMTEDZA. Chimenecho ndiye chiliza chamakono, chogwira ntchito, osati mwala wongokhala kuthengo. A Mathias ndawauza kale pa foni kuti tchajayo ndaipereka kwa bambo. Anati zikomo.

Simenti imafuna nthawi kuti igwire isanapondedwe ndi galimoto. Choncho 12 Okutobala sizitheka. Tiike 2 Novembala, limene ndi tsiku lopempherera omwalira onse. Ukaona bwino, likugwirizana ndi mwambowu kuposa masiku ena aja. Amayi ndi munthu wa Mulungu, amvetsa.

Clifford


Golomoti
14 Okutobala 2024

Achimwene,

Moni kwa alamu ndi ana. Ntchito yatha Lachisanu. Ndikufotokozereni mmene yayendera, popeza pa foni ndi chokhacho chimene mumafunsa.

Simenti tachita monga munanenera, matumba anayi onse. Pamene ankawatulutsa m'chipinda cha bambo, amayi anapita kukakhala kuseri kwa nkhokwe, ndipo anabwerako dzuwa litapendeka. Dzina lalembedwa ndi penti yofiira. Wodutsa pa njira akuliwerenga osapatuka.

Chovuta chinali chitsulo cha pansi. Ganizani anachikhomera, anapima ndi kachipangizo kake, n'kupukusa mutu. Akuti dothi lauma kwambiri, silingalandire moto utasochera, ndipo wogwira galimoto angafe. Anakumba dzenje lofika m'chiuno, anathiramo makala, kenako anandituma mchere. Ndinabwera ndi kapaketi ka kukhitchini. Anaseka.

"Achemwali, sitikuphika ndiwo. Ndikufuna ndowa yodzaza."

Ndinakagula ku msika mchere wamibulu wodzaza ndowa. Amayi anali pakhonde ndi zakuda zawo. Anaonerera Ganizani akutapa mcherewo ndi manja awiri n'kumawaza m'dzenje mozungulira chitsulo.

"Ganizani mwana wanga," anatero, "thira bwino, ulawe ngati wakolera. Ine dzanja langa laiwala muyezo."

Ganizani sanasekenso. Anavula chipewa, n'kumaliza ntchito atazolika.

Dzenjelo likufuna madzi m'mawa ndi madzulo mpaka mvula idzagwe. Ndiye ku mjigo ndimatunga ndowa ya amayi yosamba ndi ndowa ya chitsulo chanu. Amayi anzanga pa mzere afika pondifunsa ngati chitsulocho chayamba kuphuka, akuti ndidzawagawireko mbewu.

Tsopano za munthu amene simunafunse. Diresi lakuda lija latuwa kumsana konse chifukwa cha thukuta. Amalichapa madzulo n'kulivala m'mawa lisanaumitsitse. M'khwapa ndi m'khosi mwatuluka zidzolo, zina zaphulika ndipo zikuchucha madzi, moti nsalu imamatirira pa khungu. Fungo lake ndimalimva ndikangolowa pakhomo, ndipo iwonso amadziwa kuti ndalimva. Ndinapita nawo ku chipatala ku Mua. Anatipatsa mankhwala opaka, ndipo namwino anati azivala zopepuka, zoyera. Amayi anamuyankha kuti, "Zimenezo mukauze galimoto." Namwinoyo sanamvetse. Ine ndinangoyang'ana pansi.

Mango a m'mitengo yathu itatu ija ayamba kupsa. Chaka chatha ndi amene anatigulira feteleza. Chaka chino akungogwa n'kuwolera pansi, ntchentche zadzaza bwalo. Ine sindingathe zonse, munda, ana, mjigo ndi msika.

Chonde, 2 Novembala asasunthe.

Felesita


Lilongwe
22 Okutobala 2024

Chemwali,

Ganizani wandiyimbira kuti kanyali kobiriwira kakuyaka. Wagwira ntchito, ndakunyadira. Madzi a m'dzenjewo usadumphitse tsiku. Za zidzolozo ugule paudala wa ana, ndatumiza kangachepe.

Ndikupempha chithunzi. Abwana ndi anzanga ku ofesi sakukhulupirira kuti kumudzi kwathu kuli tchaja ya galimoto. Ubwereke foni yojambula bwino kwa aphunzitsi. Amayi aime pambali pa tchajayo atagwira chingwe chake, dzina la bambo lioneke pamwamba. Koma asavale zakuda zija, ziwononga chithunzi, ndipo anthu angaganize kuti ndikuwazunza. Avale chitenje chowala kanthawi kochepa chabe, akatha alowe m'nyumba akavalenso zawozo. Palibe adzaone. Uwauze amwetulireko. Chithunzicho ukachapitse, uchiike mu envelopu, ndikufuna kuchipachika mu ofesi.

Za tsiku. Pa 2 Novembala andiika pa msonkhano wa ntchito, sindingathawe. Komanso tayala limodzi lakutsogolo likufunika kusintha, ndipo saizi yake ikusowa m'tauni muno. Pa 30 Novembala ndiye pomaliza, ndikulonjeza. A Mathias sakupezeka pa foni, upite ukawauze ndiwe.

Clifford


Golomoti
4 Novembala 2024

Achimwene,

Moni.

Chithunzi palibe. Ndinawawerengera amayi kalata yanu yonse osadumpha mawu. Nditafika pa chitenje chowala anandilanda pepalalo, n'kukalisonkhezera pa moto wa nyemba. Atatero anatunga madzi, anasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, ngati munthu wagwira khoswe wakufa.

Munandituma kwa a Mathias, ndipo ndapita Loweruka pa njinga. Koma uthenga umene ndinanyamula ndi wa amayi, osati wanu. Anandiuza kuti ndikanene chonchi: "Mwamuna amene ndikumulira ndi Gervazio, ndipo ndamulira mokwanira. Ondimanga ndinu, ondimasula ndinu. Mwana amene ndinabereka ndekha sangandisunge m'maliro."

A Mathias anadabwa kwambiri. Iwo nthawi yonseyi ankaganiza kuti amayi ndi amene akufuna kudikira inu, ndipo ankaopa kuti akakakamiza aoneka ngati akuthamangira katundu wa mkulu wawo. Nditawafotokozera za zidzolo anagwira pakamwa. Anaitana alongo awo, azakhali athu, ndipo agwirizana Loweruka pa 16 Novembala. Bambo mfumu avomera Misa ya tsiku limenelo.

Tsikuli silisuntha. Tchaja yanu ikuyaka, dzenje ndikuthirira. Bwerani pa galimoto, pa minibasi, kapena wapansi. Amayi akuti malo anu pa mphasa adzakhalapo.

Felesita


Golomoti
18 Novembala 2024

Achimwene,

Mayi Mwanjuma akuti kalata yanga ya pa 4 munailandira pa geti, munasuzumira mu envelopu, ndipo mutaona kuti mulibe chithunzi munaiponya pa mpando wakumbuyo wa galimoto. Pa foni ndinayesa, munati muli mu msonkhano mudzandiyimbira. Ndiye ndikulemberani zimene zachitika, kuti tsiku lina musadzanene kuti sitinakuuzeni.

Mwambo wachitika Loweruka. Titachoka ku Misa tinayala mphasa pabwalo ndi kutulutsa katundu wa bambo. A Mathias anayamba ndi kunena kuti nyumba ili pa dothi la kwa amayi, choncho ndi ya amayi ndi ana. Njinga inapita kwa mwana wa azakhali. Wailesi anandipatsa ine. Makasu ndi nkhwangwa anagawana a ku Mtakataka. Jekete ya bambo ya ku tchalitchi anaika pa malo anu opanda munthu, ndipo ndakusungirani.

Kenako a Mathias anafunsa monga amafunsira pa mwambo wotere. "Alamu, pali china cha malemu chimene chatsala m'nyumba kapena panja? Nenani lero, kuti mawa pasadzakhale mawu."

"Chilipo," anatero amayi. "Chili pakhoma apo."

Anthu onse anatembenuka. Kanyali kobiriwira kanali kakuyaka.

"Alamu, chimenechotu ndi cha Clifford," anatero a Mathias.

"Ine maso anafooka. Felesita, tawerenga zalembedwa pamwambapo."

Ndinaimirira, ndinawerenga mokweza, dzina lonse.

"Mwamva," anatero amayi. "Nanga inu alamu, mwanayo anakuuzani chiyani pa foni?"

A Mathias anakanda m'mutu. "Anati wapereka kwa bambo ake."

"Ndiye ine ndisudzulidwe bwanji nditabisa katundu wa malemu? Chinadya simenti yake, chinatenga dzina lake. Nyamulani, chikakhale kwawo."

Azakhali anati mawuwo ndi oona, cha wakufa sichitsala ndi namfedwa pokhapokha eni ake atamupatsa. A Mathias anafuna kukuthandizani. Anafunsa amayi ngati angalole kuti awasiyire chinthucho ngati mphatso. Amayi anawomba m'manja mwaulemu, nati, "Zikomo alamu, koma ayi."

Ganizani analipo, anabwera kudzathandiza kusenda mbuzi. Anasamba m'manja, anazimitsa pa mita, n'kumasula tchajayo bwinobwino osadula waya ngakhale umodzi. Anaiika m'bokosi lake lomwe lija pamodzi ndi kabuku kake. Bokosilo linapita ku Mtakataka pa njinga ya bambo.

Zitatha izi azakhali anatenga amayi kupita nawo kuseri. Anawameta ndi kuwasambitsa. Diresi lija linachita kunyowetsedwa m'khosi kuti limatuke pa zilonda, ndipo azakhali analitentha. Amayi anatuluka atavala chitenje cha kwaya. A Mathias anaika ndalama m'mbale, nati, "Alamu, mwamasuka. Munatisungira mbale wathu, zikomo." Amayi a kwaya anayambitsa nyimbo, ndipo amayi athu analowa ndi mawu awo aja akumwamba.

Nyama ya mbuzi anathira mchere okha. Unachuluka. Aliyense anamwa madzi makapu awiri, koma palibe anadandaula.

Lero m'mawa apita ku msika ndi dengu la mango.

Ndine mlongo wanu,
Felesita


Lilongwe
3 Disembala 2024

Felesita,

Moni sindikupatsa. Makalata ako awiri ndinawapeza pa mpando wakumbuyo, ndipo ndinawawerenga nditaima pa shedi yanga yopanda tchaja. Nkhani yaikulu chonchi ukanailemba kunja kwa envelopu.

Ndinanyamuka Loweruka pa 30 monga ndinalonjezera, ndi mkazi wanga, ana, ndi makireti a zakumwa za alendo. Ndinafika batire itatsala pang'ono kutheratu. Pakhoma ndinapeza mabowo anayi ndi dzina la bambo. Chingwe china choyenda nacho ndilibe, ndinadalira tchaja ya kwathu. Panyumba panalibe munthu, iwe akuti unali kumunda. Amayi ndinawapeza pa msewu akugulitsa mango, atavala chitenje chowala, akuseka ndi anzawo. Anapsompsona ana, anawapatsa mango, ine anangondifunsa ngati ndayenda bwino, ngati munthu wodzagula.

Tinabwerera pa minibasi, ana pamiyendo, dengu la nkhuku likundikanda m'mawondo. Pa siteji panali mwana wa a Mathias yemwe uja, atakhala pa njinga ya bambo anga imene anabwereka. Anandipatsa moni wa ulemu kwambiri, ndipo ndikudziwa zimene ananena nditangokwera.

Chimene mwachitachi ndi kuba. Tchajayo ndinagula ndi thukuta langa. Kwa a Mathias kulibe ngakhale magetsi, akufuna atchajire chiyani, mbuzi? Upite ukawauze aibweze sabata ino, Ganizani aikhomenso. Galimoto aliyense asaikhudze, uiphimbe ndi lona, ana asakwerepo. Ku ntchito ndikuyenda wapansi, ndipo abwana akufunsabe za chithunzi.

Ndipo undiuze, amayi anawaphunzitsa zimenezi ndani?

Clifford


Golomoti
9 Disembala 2024

Mwana wanga Clifford,

Akulemba ndi Felesita, koma mawu ndi anga. Ndamuuza asakometse kanthu.

Ndili bwino. Zilonda zapola, zatsala zipsera. Benchi langa ndalitenganso, ndipo feteleza ndagula thumba limodzi. Ana ako akula. Wamng'onoyo anatengera mphumi ya agogo ake. Mkazi wako umupatse moni, anaoneka wotopa tsiku lija.

Wafunsa amene anandiphunzitsa. Palibe. Ndinaphunzira ndekha pakhonde, ndikuonerera ndowa ya mchere ikulowa m'dothi.

Wakuba palibe. Unapereka wekha, unalembetsa wekha ndi penti yofiira. Chinthu chako chili bwino kwa a Mathias, m'bokosi, pamwamba pa kabati pamene nkhuku sizifika. Koma Felesita sindimutuma. Wayenda mokwanira ndi ndowa pamutu. Chimene chagawidwa pa mphasa sichibwezedwa ndi kalata kapena foni. Wochifuna amapita yekha, nkhuku ili m'manja, amakhala pansi n'kupempha kwa eni ake.

A Mathias si munthu wovuta, adzakupatsa. Angonena chinthu chimodzi. Asanatsitse bokosilo adzapempha njira kwa eni manda, akakuonetse pamene agona bambo ako. Chiikire maliro sunapondeko. Mvula yoyamba yagumula mtumbira mbali imodzi, ndipo pa kamtanda kathabwa dzina lafufutika, moti mlendo sangadziwe kuti pagona ndani. Utenge khasu. Penti yofiira ija inatsalako theka la chitini, Felesita wasunga.

Galimoto yako palibe waikhudza. Koma uifulumirire, chifukwa pa simenti paja ndi pamene ndimasankhira mango mvula ikamagwa, ndipo yanditsekera malo.

Minibasi ikakutsitsa pa msewu ku Mtakataka, mtunda wotsalawo ndi wapansi ndipo kuli matope. Usavale nsapato za ku ofesi.

Ndine mayi ako,
Katerina